Fereza Imene Saidi Anakwirira

Ana anga, za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa, sindizibwereza pano. M'mutu uno ndilemba za makina aja ali m'kashedi kuseri kwa nyumba, amene mumandifunsa chifukwa chake sindiwagulitsa, ndi za munthu amene inu munkamutcha a tiyu Saidi, ngati kunena kuti amalume. Mundikhululukire, ine ndizingoti Saidi, pakuti ndi momwe ndinkamuitanira zaka zonse.

Chaka changa choyamba pa ntchito, ku Kobwe

Ndinalembedwa ntchito dziko litangolandira kumene ufulu, pa ofisina yaing'ono yokonza mainjini a maboti a asodzi ku Kobwe. Inali nyumba ya malata yotentha ngati uvuni, ndipo munali makina atatu okha. Aang'ono pa onsewo anali fereza, makina osema chitsulo. Chitsulocho umachimanga pa tebulo loyenda kumanja ndi kumanzere, mpeni wozungulira n'kumatsika kuchokera kumutu kwa makinawo. Mkulu wathu anali a mesitiri Anselmo, munthu wamfupi wochokera kumwera, wosaseka, woduka chala chamkombaphala. Saidi ndinamupeza pomwepo atanditsogolera ndi theka la chaka. Iye anali Msilamu wa ku Nkholongwe, ine mwana wa katekisiti wa ku Chiwanga kuno, koma tinkagona chipinda chimodzi ndi kudyera mbale imodzi, kupatula mwezi wa Ramazani pamene ndinkakadyera kuseri kwa ofisina kuti ndisamuzunze ndi fungo la chakudya.

Sabata yanga yoyamba a mesitiri anamasula dala maparafuzu, ndiye kuti mabawuti, a kumutu kwa fereza, naupendeketsa mutuwo ine ndikuona. Kenaka anandipatsa relojiyo, kachipangizo kooneka ngati wotchi ya m'thumba, ka singano imodzi ndi kamwendo kokhudza chitsulo. Chitsulo chikakwera kapena kutsika, ngakhale mocheperapo kuposa tsitsi, singanoyo imasuntha n'kuloza mzere wina.

"Uimike mutu uwu uyang'ane tebulo molunjika," anatero. "Singano ikhale pa zero kumanja, kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Usandiitane isanatero."

Ndinakhalapo masiku atatu. Ndikaufikitsa pa zero n'kumanga maparafuzu, singano inkathawa. Ndikakonza kumanja, kutsogolo kunkaonongeka. Tsiku lachitatu ndinayamba kuganiza zobwerera kwathu kukagwira usipa. Saidi anadutsa atanyamula ndowa ya mafuta, ndipo osandiyang'ana n'komwe anati, "Ukumanga parafuzu imodzi mpaka kumapeto. Manga pang'ono iyi, udumphire ya kutsidya, ubwerenso. Komanso chotsa chigongono chako pa tebulopo, ukuyeza kulemera kwako." Masana omwewo singano inakhala, ndipo a mesitiri atabwera kudzayeza anangoti, "Wakuuza ndi Saidi," n'kumapita.

Zaka zimenezo chilichonse chinkasowa. Mafuta akale tinkasefa pa nsalu n'kuwabwezeranso. Timapepala tachitsulo topyapyala, toika pansi pa makina kuti akhazikike, tinkadula ku zitini za mkaka. Panalinso ntchito ina imene a mesitiri ankafuna kutiphunzitsa tonse awiri, yopala chitsulo ndi manja mpaka chisalale mofanana paliponse. Umadzoza utoto pa rula yolemera yachitsulo, n'kuikhuza pamalopo, ndipo pamene utoto wamamatira mpokwera, umapalapo pang'ono pang'ono. Ntchito yake imatha masabata, palibe amene amakuona kapena kukuthokoza. Ine ndinkaizemba. Ndinkakonda mainjini, chifukwa injini ikalira msodzi amakusiyira kampango. Saidi ndiye anaiphunzira, ankakhala pa benchi tsiku lonse atawerama, akuimba chamumtima.

Zaka za nkhondo

Nkhondo itayandikira, a mesitiri anakwera boti m'mawa wina, makiyi atawasiya pa msomali, ndipo sitinawaonenso. Anthu anayamba kuwolokera ku Likoma. Ine ndinali nditakwatira kale amayi anu, ndipo Julieta, khanda lathu, anali kumbuyo. Nditapeza malo m'ngalawa ndinathamangira ku ofisina kukamutenga Saidi. Ndinamupeza wagona chagada pansi pa fereza, sipanala ili m'manja.

"Tiye, malo alipo a munthu mmodzi," ndinatero.

"Pita iwe, uli ndi khanda. Ine ndibwera ndikamaliza."

"Kumaliza chiyani?"

"Kumasula iyi. Enawa ngolemera, sindingawathe. Koma iyi ndiitha. Nkhondo imatha, Barnaba. Ikadzatha asodzi adzafuna pokonzetsa."

Ndinamunena kuti ndi wamisala, kuti chitsulo chilibe mwana kapena mkazi. Iye anangopitiriza kumasula. Ndinamuthandiza kutsitsa mutu wa makinawo, pakuti munthu mmodzi sakanautha, kenaka ndinamva akundiitana kugombe, ndinapukuta manja n'kumusiya.

Zotsatira zake sanandiuze yekha. Ndinadzazimva patapita zaka kwa mkazi wake, Abiti Amadu. Anatuta zidutswa zonse pa wilibala kupita nazo m'munda wa chinangwa, anazipaka girisi, n'kuzikulunga m'tanga lakale la ngalawa, n'kuzikwirira. Relojiyo anaiika m'chitini chotsekeka bwino. Anthu a mfuti atafika anaona mabowo anayi pa simenti pamene panali makina, namufunsa kumene apita. Iye anati a mesitiri anapita nawo. Anamumangirira ku mtengo wa mango masiku awiri akumumenya, koma mawu ake sanasinthe. Khutu lake lamanzere linafera pomwepo. Ofisina anaitentha pamodzi ndi makina awiri otsala aja.

Zaka za ku Malawi ndi za ku Lichinga

Ku Likoma tinakhalako pang'ono, kenaka tinawolokera ku Nkhata Bay, kumene ndinagwira pa galaja ya bwana wina amene ankadziwa kuti ndilibe mapepala, motero sindikanatha kumuyankha ngakhale anditukwane pamaso pa anthu. Mtendere utabwera tinabwerera, ndipo ndinapeza ntchito yokonza malole ku Lichinga. Za kumeneko mukuzikumbukira nokha, kuzizira kwake ndi nyumba ija yodontha.

Saidi anapita ku Kobwe kukafukula fereza, naibweretsa ku Nkholongwe pa ngalawa. Anayenda m'maofesi ku Mtengula kukanena kuti ali ndi katundu wa ofisina yakale, koma palibe amene ankadziwa kuti mwini wake tsopano ndani, ndipo anangomuuza kuti asunge. Kwawo kunalibe magetsi, motero anakhala msodzi ndi mlimi, makinawo ali m'masaka pakona pa nyumba. Chaka ndi chaka ankawatulutsa, kuwapukuta ndi kuwadzoza mafuta. Maso ake anayamba kuchita khungu pang'ono pang'ono. Tikakumana pa maliro kapena pa ukwati, mawu ake anali omwewo: "Ukadzapuma ntchito tidzaiimika." Ine ndinkayankha kuti Mulungu akalola, koma moona sindinkaganiza kuti tsikulo lidzafika, ndipo ngakhale kamodzi sindinamasule masakawo kuti ndione bwinobwino zimene zinali mkatimo.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

Nditabwerera ku Chiwanga, amayi anu atatisiya kale, nyumba inandikulira. Ndinamanga kashedi kaja, ndinathira simenti yochindikala, n'kukokera waya wa magetsi. Kenaka ndinatumiza mawu ku Nkholongwe. Fereza inabwera pa boti la Mussa, mkamwini wa Saidi, ndipo Saidi mwiniwake anakhala pamwamba pa masakawo ulendo wonse. Pomutsitsa m'boti ndinadzidzimuka ndi kupepuka kwake. Sankaonanso chilichonse, manja ndi miyendo zinali zitaonda, mimba yokha itatupa. Kuchipatala anali atamuuza kuti ndi chiwindi. Anakhala kwathu kuno sabata yathunthu.

Masiku amenewo ndi amene ndinasangalala kwambiri chimwalirire amayi anu. Parafuzu iliyonse ankaidziwa ndi zala, ndikamupatsa yolakwika ankandibwezera osanena kanthu. Tinayamba ndi kukhazika tsinde pa simenti mpaka litasiya kugwedera. Tinakweza mzati ndi chingwe chokoloweka pa mtanda wa denga, kenaka mutu. Tebulo ndi chigawo chimene limatsetserekapo anazikwirira zili zophatikana, ndipo zinakhala choncho zaka zonsezo, motero tinangozikweza pamodzi. Potsegula chitini chija tinapeza relojiyo ili moyo. Ndinaimanga kumutu n'kumaizunguza pamwamba pa tebulo, ndikuwerenga mokweza cha ku khutu lake lamanja.

"Kumanja zero. Kumanzere mizere isanu ndi iwiri. Kutsogolo inayi."

"Mzati wagwadira kutsogolo. Tiyambe ndi umenewo. Ndipatse chitini ndi sizasi."

Ankadula timapepala tachitsulo tija mongokhudza, n'kumandiuza pansi pa parafuzu iti pofunika kulowetsa. Tikamanga singano inkathawa, timasule, tiyambenso. Tsiku lachinayi singano inakhala pa zero mbali zonse zinayi, pakati pa tebulo. Saidi anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati, "Tsopano yendetsa tebulo mpaka kumapeto, tione ngati likuyenda mowongoka."

Ndinayamba kupukusa chogwirira. Poyamba singano inangonjenjemera. Tebulo litapitirira pang'ono inayamba kukwera, mizere khumi, makumi awiri, mpaka inakaima pa makumi anayi. Ndinagwada n'kuunika ndi tochi kunsi kwa tebulo, pamene tsopano panali pataonekera. Dzimbiri linali litadya njira yonse ya kumanzere, pali maenjemaenje ngati nkhope ya munthu wodwala nthomba. Madzi analowa m'munda muja n'kukhala pakati pa zitsulo ziwirizo, pamene nsanza yake sinkafika.

"Singano ikuti bwanji?" anafunsa.

Ndinamuyang'ana. Anakhala pa chitini cha penti, manja pa maondo, nkhope ataipendeketsa kuti khutu labwino lija limve. Ndinaganiza za mtengo wa mango uja, ndinaganizanso za mawu a kuchipatala.

"Yangogwedera pang'ono," ndinatero. "Mzere umodzi."

"Umodzi?"

"Umodzi."

Anatambasula manja kuyamika Mulungu m'mawu a chipembedzo chawo. Kenaka anati, "Ndiye kuti sanandimenyere pachabe." Kanali koyamba ndi komaliza kumumva akutchula za kumenyedwa kuja. M'mawa mwake Mussa anadzamutenga.

Nyengo ya mwera, chaka chomwecho

Miyezi iwiri sindinaikhudze fereza. Ndinaifunditsa chinsalu, ndipo wondifunsa ndinkamuuza kuti ndikudikira mipeni kuchokera ku Lichinga. Ndinkadziuza kuti ndachita bwino, kuti munthu wotsala pang'ono kufa apite ndi mtima wokondwa.

Tsiku lina Mussa anafika atanyamula kabesa ya injini yake, chivundikiro chija cha pamwamba, itapindika ndi kutentha. Inkafunika kusemedwa kuti isalale.

"Apongozi ati ndisavutike kupita ku Lichinga," anatero. "Ati fereza yawo ili pa zero, amadala a Barnaba akusemera lero lomwe."

Ndinaitembenuza m'manja nthawi yaitali. Inali itapindika kwambiri, yosatheka kungoikhula ndi manja. Kuisema ndikanaisema, ndipo ndi maso ikanaoneka yonyezimira bwino. Injini ikanalira pagombe, mwina sabata, mwina mwezi. Koma mbali imodzi ikanakhala yotsika, ndipo tsiku lina ikanatulutsa mpweya n'kuzima. Mussa amapita kutali ndi anthu anayi m'boti, ndipo inali nyengo imene mwera umadzuka osachenjeza. Ndikakana, Saidi adziwa kuti ndinamunamiza. Ndinalowa m'nyumba ngati ndikukatenga kanthu, ndinakhala pa bedi kanthawi, kenaka ndinatuluka n'kumubwezera kabesa yake.

"Pita nayo ku Lichinga, mwanawe. Apongozi ako usawauze kanthu, ndibwera ndekha mawa."

Ndinapalasa njinga kudutsa pa Mtengula mpaka ku Nkholongwe. Saidi ndinamupeza atagona pa mkeka pakhonde, sankathanso kuima popanda womugwira. Titapatsana moni sindinafune kuzungulira.

"Bwanawe, ndinakunamiza. Sunali mzere umodzi. Inali makumi anayi."

Sanatembenuke. Nkhuku inadutsa pa mkekapo, iye osaiingitsa.

"Mbali iti?"

"Kumanzere. Dzimbiri linadya kunsi kwa tebulo."

"Ukayendetsapo chala, chikhadabo chikukodwa?"

"Chikukodwa."

Anapumira m'mwamba. Polankhulanso mawu ake anali otsika, opanda ukali, ndipo kukanakhala bwino akanandikalipira.

"Barnaba, zimenezo zimapalika. Nthawi ija ndinali ndikuimabe ndi miyendo yanga. Ukanandiuza, ndikanakhala kwanu mwezi wathunthu, ndikanapala ndekha ndi manja angawa. Wandimvera chisoni n'kundibera miyezi iwiri. Ine ndilibe ina."

Abiti Amadu anabweretsa tiyi, anazizira tonse awiri osamukhudza. Nditadzuka kuti nditsanzike, ndikuganiza kuti ubwenzi wathera pamenepa, iye anati, "Loweruka ubwere ndi tupa yakale. Ubwerenso ndi rula ija ya a mesitiri, ili m'thumba laling'ono."

Motero ndinayamba kuphunzira ndili ndi imvi ntchito imene ndinaizemba ndili mnyamata. Anandiuza kanoledwe ka nsonga ya tupa kuti ikhale chopalira. Utoto tinalibe, tinasakaniza mwaye ndi mafuta. Ndinaphunzirira pa ayironi yakale ya makala ya Abiti Amadu, iye atatsamira khoma, atandigwira pa mkono kuti amve mmene ndikukankhira. "Ukukumba ngati ukulima," ankatero. "Pala ngati ukumeta mwana." Anandifotokozera kuti chimene dzimbiri ladya sichibwerera, umatsitsa pamene patsala pokwera mpaka ponse pafanane, ndipo maenje ang'onoang'ono otsalawo amasunga mafuta.

Mkati mwa sabata ndinkatsitsa tebulo, kupala, kupukuta, kulikwezanso, kuyeza. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga kukamuuza nambala. Asanandifunse n'komwe za moyo ankati, "Ingati?" Ndinamuuza makumi atatu ndi itatu. Sabata ina makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Panali sabata imene ndinapala mopitirira, nambala inakwera m'malo motsika, ndipo ndinamuuza momwemo. Anagwedeza mutu nati zimachitika, naye a mesitiri anamuponyerapo nsanza kumaso chifukwa cha zomwezo.

Ulendo womaliza ndinamupeza atamulowetsa m'nyumba. Ndinawerama pa khutu lake n'kunena kuti yatsala khumi ndi umodzi.

"Usathamange," anatero. "Pa khumi mpamene anthu amaonongera."

Anamwalira Lachiwiri lotsatira, m'mawa. Mussa anaimba foni kangapo, koma foni inali m'nyumba, ine ndili m'kashedi kupala. Asilamu saugoneka mtembo. Pamene ndinkafika ku Nkholongwe anthu anali akubwerako kumanda.

Chaka chino

Ndinapitiriza ndekha mpaka mvula itayamba. Nambala inatsika kufika pa isanu ndi itatu, kenaka isanu, kenaka itatu, ndipo pamenepo inakana. Ndinayesa masabata atatu, koma manja anga amanjenjemera tsopano, ndipo ndinaopa kuti ndikapitiriza ndiononga zimene zatheka. Ndinamanga zonse, ndinayezanso mutu mbali zinayi, ndinawongola chopanira zitsulo pa tebulo mochigogoda pang'ono pang'ono ndi kanyundo ka mtengo mpaka singano itayenda m'mbali mwake osasuntha. Mizere itatu ndi yokwanira pa ntchito za asodzi. Ndasemapo kale makabesa awiri ndi zina zing'onozing'ono, ndipo mabotiwo akuyenda. Mudziwe, ana anga, kuti makinawa si anga. Ine ndikadzapita, banja la a tiyu Saidi ndilo lidzanene kochita nawo.

Nditasema chitsulo choyamba ndinapita ku Nkholongwe. Abiti Amadu ndinawapeza akuyanika chinangwa. Titacheza za mvula ndi za adzukulu, ndinawauza kuti fereza ija yayamba kugwira ntchito, yatsala mizere itatu.

"Ine za mizerezo sindizidziwa, alamu," anatero. "Itatu ndiye kuti zili bwino kapena ayi?"

"Kwa ine zili bwino. Iwo akanapala okha ukanatsala umodzi."

Anapitiriza kutembenuza chinangwa chawo. Kenaka anandiuza kuti Lolemba lija, tsiku loti amwalira mawa lake, Saidi anafunsa kawiri ngati Loweruka lafika.

"Ndiye musandiuze ine," anatero. "Kawauzeni eni ake. Ife akazi kumanda sitifikako, Mussa akuperekezeni."

Mussa ananditsogolera m'kanjira ka m'tchire, anandilozera mtumbira umene udzu unali utayamba kumerapo, n'kukaima patali. Ndinavula chipewa. Ndinaima nthawi yaitali ndisakudziwa poyambira, pakuti mapemphero athu ndi osiyana ndipo sindinafune kumulakwira. Mapeto ake ndinazungulira kupita mbali imene ndinaganiza kuti kuli khutu lake lamanja, n'kugwada.

"Saidi, ndine Barnaba. Yatsala itatu, kumanzere. Ndayeza kanayi ndisanabwere."